Tonse tikufuna kukhala Arjuna, nanga amene anakhala chete m'bwalo aja ndi ndani?

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi ndinenepo za kaphunzitsidwe kena ka utsogoleri kamene kayamba kufika ngakhale kwathu kumidzi. Aphunzitsi a masiku ano, aja amabwera ndi laputopu n'kumaonetsa zithunzi pakhoma, anazindikira kuti anthu amawodzera akamawerengeredwa mfundo khumi za mtsogoleri wabwino. Ndiye ayamba kubwereka anthu a m'nthano zakalekale za maiko ena, n'kumati aliyense wa m'nthanomo akuimira khalidwe lina limene lili mumtima mwathu. Miyezi yapitayi gulu lathu la alimi a ng'ombe za mkaka linatumiza akomiti ku maphunziro otere, ine ndili momwemo ngati msungichuma. Mnyamata amene ankatiphunzitsa, waulemu ndithu komanso wodziwa kuyankhula, anasankha Mahabharata, ndakatulo yaikulu ya ku India.

Anaika zithunzi pakhoma, chilichonse ndi tanthauzo lake pansi. Arjuna, kuika maso pa cholinga. Bhima, mphamvu. Karna, kukhulupirika. Krishna, mlangizi. Duryodhana, nsanje. Kenaka anatigawira timapepala kuti aliyense alembe amene akufanana naye. Powerenga timapepalato, holo yonse inapezeka kuti ndi ya Arjuna, kupatula apampando angapo amene anadziona kuti ndi Krishna. Duryodhana sanapeze mbale wake ngakhale mmodzi. Tinaomba m'manja, tinamwa tiyi, tinasayinira alawansi.

Nkhaniyi kwa ine si yachilendo. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe, ya banja lina la Amwenye achihindu ochokera ku Gujarat. Mayi awo a bwana, amene tonse tinkawatchula kuti Ba monga ankachitira ana awo, ankakhala pampando kuseri kwa kauntala masana onse akusankha mphodza m'mbale yaikulu yachitsulo. Chichewa chawo chinali cha m'sitolo, chopindikapindika, koma nthano ankazitha. Makasitomala akachepa, ine ndikupinda zitenje, iwo ankandisimbira za Apandava ndi Akaurava, lero kachigawo aka, mawa kena, mwina kubwereza zakale koma mosinthako. Pambuyo pake mdzukulu wawo anandibwereka buku la Chingerezi lofupikitsa nkhaniyi, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga chilichonse chimene ndachipeza.

Mahabharata inalembedwa m'chiyankhulo cha Sanskrit, ndipo mwambo umati ili ndi mavesi 100,000 m'zigawo 18. Akatswiri a ku Bhandarkar Oriental Research Institute mumzinda wa Pune anayamba mu 1919 kufananiza mipukutu yakale yoposa 1,000 kuti apeze mawu amene mipukutuyo ikugwirizana, ndipo anamaliza mu 1966. Chinthu chimene chinadya anthu ophunzira zaka 47 ife tinachimaliza nthawi ya tiyi isanakwane. Phata lake ndi mkangano wa ufumu wa Hastinapura pakati pa Apandava, ana asanu a Pandu, ndi Akaurava, ana 100 a mkulu wake, Dhritarashtra, amene anabadwa wakhungu. Kwathu kuno tingati ndi pachibale penipeni, poti abambo awo ndi mkulu ndi mng'ono. Anamenyana masiku 18 ku Kurukshetra, dera limene lero lili m'chigawo cha Haryana kumpoto kwa Delhi, ndipo otsala amoyo anali owerengeka pa zala.

Sindikutsutsa zoti munthu atenge anthu a m'nkhani yotere ngati zizindikiro za zimene zili mkati mwake. Eni ake anayamba kale kutero. M'kati mwa Mahabharata muli Bhagavad Gita, mavesi 700, pamene Arjuna, mmodzi mwa ana a Pandu aja, aona agogo ake, aphunzitsi ake ndi abale ake atandanda mbali inayo, mawondo n'kulobodoka, uta n'kugwa m'manja, ndipo Krishna amene akumuyendetsera galeta ayamba kumulangiza. Mahatma Gandhi, potanthauzira Gita m'Chigujarati mu 1929, analemba kuti iye saiwerenga ngati mbiri ya nkhondo ya mivi, koma ngati chithunzi cha nkhondo imene imachitika mumtima mwa munthu aliyense. Ngati munthu amene anagwedeza ufumu wa Britain popanda mfuti anapeza mphamvu powerenga motero, ine wogulitsa mkaka ndine yani kuti ndikane? Dandaulo langa lili pa kasankhidwe. Tikapatsidwa nkhani yodzaza ndi anthu mazanamazana, timathamangira amene akutikometsa, ndipo aphunzitsi athu amatithandiza podula mbali zonse zimene zingatichititse manyazi.

Tengani Arjuna yemweyo. Mnyamata uja anatisimbira bwino za mayeso a Drona, mphunzitsi wa uta, amene anaika mbalame yosema pamwamba pa mtengo n'kufunsa ophunzira mmodzimmodzi chimene akuona. Yudhishthira, mkulu wake wa Arjuna, anati akuona mtengo, abale ake, aphunzitsi ndi mbalame, ndipo anamuuza kuti apatuke. Arjuna anati akuona mutu wa mbalame basi, muvi n'kulasa. Holo inakondwa. Koma pafupi pomwepo m'bukumo pali Ekalavya, mwana wa mfumu ya anthu a m'nkhalango, amene Drona anakana kumuphunzitsa chifukwa cha mtundu wake. Mwanayo anaumba chifaniziro cha Drona ndi dongo, n'kumadziphunzitsa yekha pamaso pake mpaka anaposa onse. Arjuna atazindikira anapita kukadandaula: aphunzitsi, suja munandilonjeza kuti sipadzakhala wophunzira wanu wondiposa? Drona anapita kunkhalango n'kuuza Ekalavya kuti, ngati ndinedi mphunzitsi wako, malipiro anga ndi chala chako chachikulu cha kumanja. Mwanayo anadula n'kupereka. Umu ndi mmene Arjuna anakhalira nambala wani. Zimenezi pakhoma paja panalibe, ndipo zikanakhalapo ndikukayika ngati timapepala tija tikanatuluka chimodzimodzi.

Koma pamene mtsogoleri ayenera kudziyang'anira m'nkhaniyi si kunkhondo ayi. Ndi m'nyumba ya msonkhano ku Hastinapura, tsiku la juga, zaka zoposa 13 nkhondo isanayambe. Ba akafika pamenepa ankaika mbale ya mphodza ija pansi.

Yudhishthira, mkulu wa Apandava, anali atamanga mzinda wake wa Indraprastha n'kulemera kwambiri. Duryodhana, mwana woyamba wa Dhritarashtra, atapita kukacheza anabwerako osadya osagona. Amalume ake, Shakuni, katswiri wa madayisi, anamuuza kuti chumacho angachitenge popanda kukhetsa magazi. Mfumu Dhritarashtra inamva chenjezo la Vidura, mng'ono wake wobadwa kwa mdzakazi, loti masewerawa abala maliro, koma inatuma Vidura yemweyo kukaitana Yudhishthira. Naye Yudhishthira ankadziwa kuti Shakuni ndi wachinyengo, koma anati mfumu ikaitanidwa sikana. Uyutu ndi munthu amene nkhani yonse imamutama kuti ndi wolungama.

Anayamba ndi ngale ndi golide. Zinapita. Magaleta, njovu, antchito, ng'ombe, dziko lonse. Kenaka anayamba kubetcha abale ake, Nakula, Sahadeva, Arjuna, Bhima, mapeto ake iye mwini. Zitatha zonse, Shakuni anamukumbutsa kuti watsala ndi Draupadi, mkazi amene abale asanuwo anakwatira limodzi. Anamubetcha. Mfumu yakhungu ija, poti madayisi sinkawaona, inkangofunsa oyandikana nayo mosabisa chimwemwe: tapambana kodi? Tapambana?

Duryodhana atatuma mthenga kukamutenga, Draupadi anamubweza ndi funso. Kafunse wa jugayo, anayamba kuluza ndani, iye mwini kapena ine? Poti ngati anali atadziluza kale ndiye kuti anali kapolo, ndipo kapolo alibe chake choti angabetche. Yankho silinabwere. Kunabwera Dushasana, mng'ono wa Duryodhana, amene anamukoka tsitsi mpaka pakati pa bwalo, mayiyo ali kumwezi, atavala nsalu imodzi yokha. Ali pomwepo anabwereza funso lake, tsopano kwa akuluakulu.

Taonani amene anakhala pamipando. Bhishma, gogo wa banja lonse, amene panalibe wankhondo akanamugonjetsa. Drona, amene anaphunzitsa uta anyamata a mbali zonse ziwiri. Kripa, mphunzitsi winanso. Mafumu oitanidwa. Mmodzi yekha mwa awa akanaimirira n'kunena kuti basi, zikanathera pomwepo. Bhishma anayankha kuti chilungamo n'chovuta kuchiona, poti mbali ina munthu wopanda chake sangabetche cha wina, mbali ina mkazi ali pansi pa mwamuna wake, choncho iye sangathe kugamula. Drona sanatsegule pakamwa. Karna, uja wa kukhulupirika pakhoma paja, ndi amene anati mkazi wa amuna asanu ndi hule, n'kulamula Dushasana kuti amuvule. Nsalu ija inkangotalika, akakoka ina n'kutuluka, mpaka mulu pakati pa bwalo, Dushasana n'kukhala pansi atatopa. Ahindu amati Krishna ndiye anamuveka. Ine chimene chimandigwira n'chakuti mayiyo anapulumuka ndi chozizwitsa m'nyumba yodzaza ndi anthu odziwa malamulo.

Ndipo mfumu inaleketsa liti? Nkhandwe italira, abulu n'kuyankha, mkazi wake Gandhari ndi Vidura n'kuiuza kuti awa ndi malodza. Mantha ndiwo anaidzutsa. Inabwezera Apandava ufulu ndi chuma chawo, koma asanafike n'kwawo komwe Duryodhana anainyengereranso, inawaitanitsa, anaseweranso kamodzi n'kuluza. Chilango chake, zaka 12 kunkhalango, chaka cha 13 mobisala.

Pakati pa chipwirikiticho Vidura ananena mawu amene ine, munthu wa mabuku a ndalama, sindiwaiwala, chifukwa ndi masamu. Anati choipa chikachitika pabwalo, okhala pamenepo osachidzudzula, tchimolo limagawidwa motere: theka limapita kwa wotsogolera bwalo, kota kwa amene wachita choipacho, ndipo kota yotsalayo kwa onse amene anakhala chete. Werengani bwino. Dushasana, amene manja ake anagwira nsalu, akusenza kota yokha. Makota atatu ali pa anthu amene tsiku limenelo akanalumbira kuti sanakhudze munthu. Anawonjezanso kuti wodziwa chilungamo amene wafunsidwa pabwalo n'kusayankha, watenga theka la mlandu wa munthu wonama.

Masamu amenewa anagwira ntchito kumudzi kwa mlamu wanga, mayi wamasiye amene amagulitsa tomato n'kumasunga pang'onopang'ono ku banki mkhonde. Amene mumadziwa magulu amenewa mukudziwa kuti bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, bokosilo n'kumagona kwa munthu wachinayi, dala kuti wina asalitsegule yekha. Itafika Disembala, nthawi yogawana, ndalama zinapezeka zoperewera. Zinadziwika kuti mwana wa apampando, amene sanali membala n'komwe, anatenga ngongole ya bizinesi ya kaunjika ndipo sanabweze. Mlamu wangayo anaimirira n'kufunsa: "Kodi ngongoleyi inavomerezedwa pa msonkhano uti, ndipo bokosi linatsegulidwa pamaso pa ndani?" Panali a nduna a mfumu amene anaitanidwa kudzachitira umboni kugawanako. Panali mkulu wa mpingo. Panali osunga makiyi atatu aja, maso ali pansi, akuthyolathyola timitengo. A nduna anakonza kukhosi n'kunena kuti: "Mayi, nkhaniyi ndi yovuta, ili ndi mbali zambiri. Tisathamange, tiiona bwino." Mtsikana wina amene anali atangolowa m'gululo chaka chomwecho anati funso la amayiwa ndi lomveka, liyankhidwe. Anamufunsa kuti wabwera liti iwe. Pobalalika, dzina loipa linali la mlamu wanga: wamwano, wosalemekeza akulu, wofuna kupasula gulu. Chaka chotsatira gululo silinayambenso, ndipo mpaka lero anthu amati linathetsedwa ndi mnyamata wa kaunjika uja. Kwa ine mnyamatayo ndi wa kota chabe. Analibe kiyi ngakhale imodzi.

Ndi mmenenso ndimaionera nkhani ya Cashgate ya mu 2013. Tinawerenga maina a amene anamangidwa, ena atapezeka ndi ndalama m'mabuti a galimoto. Koma cheke cha boma sichituluka ku Capital Hill ndi dzanja limodzi. Chimadutsa pa madesiki angapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pa ena mwa madesikiwo panali anthu amene sanabe tambala, opemphera mokhulupirika, amene anaona makampani akulipidwa popanda katundu amene abweretsa, n'kuganiza za ana kusukulu ndi penshoni.

N'chifukwa chake ndikuti chithunzi choyamba kupachika pa maphunziro a utsogoleri chikhale cha Bhishma. Munthu ameneyu sanali woipa, ndipo pamenepo m'pamene pagona ngozi. Anabadwa Devavrata, mlowam'malo wa mfumu Shantanu. Abambo ake atakonda Satyavati, mwana wa mkulu wa asodzi, apongoziwo anati sapereka mwana wawo pokhapokha zidzukulu zawo zidzalowe ufumu. Devavrata anasiya mpando, n'kulumbiranso kuti sadzakwatira, kuti pasadzakhale ana ake olimbirana nawo. Kudzimana kotere ndani angakunyoze? Koma anadzimangirira ku mpando wa Hastinapura mosayang'ana amene wakhalapo. Pamene Krishna anapita kukapempha mtendere, Apandava atavomera kulandira ngakhale midzi isanu yokha, Duryodhana n'kuti sapereka dothi lokwana pa nsonga ya singano, Bhishma anadzudzula ndi pakamwa, kenaka anavomera kukhala mkulu wa asilikali a Duryodhana yemweyo. M'mawa wa nkhondo Yudhishthira anavula zida n'kuyenda wapansi kukapempha madalitso kwa agogo akewo. Bhishma anamudalitsa, n'kumuuza mosabisa kuti munthu ndi kapolo wa chuma, chuma si kapolo wa munthu, ndipo iye Akaurava anamumanga ndi chuma. Drona ndi Kripa anayankha chimodzimodzi. Bhishma anamenya nkhondo masiku khumi, akupha asilikali a mbali imene mumtima ankadziwa kuti ndiyo yolungama.

Atagwa, mivi itamubaya thupi lonse moti msana sunakhudze pansi, sanafe msanga. Nkhondo itatha, ali chigonere pamiviyo, anaphunzitsa Yudhishthira za ufumu, ndipo chigawo chotchedwa Shanti Parva, chimene chili ndi maphunzirowa, ndicho chachitali kuposa zonse 18. Muli nzeru zenizeni. Mwa zina amati mfumu potolera msonkho ichite ngati wokama ng'ombe, amene savulaza mawere ndipo amasiyirako thole. Ife alimi a mkaka tikudziwa chimene chimachitika thole likamanidwa, ndipo ndikanakonda a msonkho atawerengako pamenepa. Koma onani, buku lalikulu la utsogoleri m'ndakatulo yonseyi likutuluka m'kamwa mwa munthu amene analephera kuyankha funso limodzi la mayi wokokedwa tsitsi.

Ba anali ndi kankhani kawo pamenepa, ka mtundu uja anthu amangosimbirana pakamwa. Ankati Bhishma ali mkati molalikira, Draupadi anaseka. Atamufunsa, anati: agogo, nzeru zonsezi zinali kuti tsiku lija? Bhishma n'kuyankha kuti, mwana wanga, nthawi ija ndinkadya chakudya cha Duryodhana ndipo chinalowa m'magazi, tsopano mivi ya Arjuna yakhetsa magazi amenewo, n'chifukwa chake mutu wayera. Akatero Ba ankandiloza ndi chala chokhala ndi ufa wa mphodza, akuseka, n'kuti: "Iwe onetsetsa nsima ya ndani ukudya." Ndinkadya yawo yomwe, ndipo ankadziwa. Ife timati akuluakulu ndi mdambo mozimira moto. Tsiku la juga lija mdambo unalipo, waukulu ndithu, koma unali wouma, ndipo moto unadutsa pomwepo mpaka Kurukshetra.

Za Dhritarashtra sindichulutsa, chifukwa aliyense amene anakhalapo pansi pa bwana wokhala ndi mwana kapena mphwake pantchito akumudziwa. Amamva malangizo onse, amagwedeza mutu, mwinanso kugwetsa misozi, kenaka amati nanga mwana wanga ndimutaye? Karna yekha ndiye amandivuta mumtima. Anamunyoza pagulu kuti ndi mwana wa woyendetsa galeta, Duryodhana n'kumuveka ufumu wa Anga pomwepo. Nkhondo ili pafupi, Krishna anamuululira kuti ndi mwana woyamba wa Kunti, mayi wa Yudhishthira, choncho ndi mkulu wa Apandava onse, ndipo akawoloka ufumu ndi wake. Anakana, ati sangasiye munthu amene anamutola ali wonyozeka. Ndani sangakhudzidwe? Koma ngongole ya chiyamiko yomweyo ndiyo inamutsegula pakamwa kutukwana Draupadi. Ukalemba pansi pa chithunzi chake kuti kukhulupirika n'kusiyira pomwepo, waphunzitsa anyamata athu kuti amene anakulipirira fizi kapena kukupezera ntchito uzimuombera m'manja ngakhale akuvula munthu pagulu. Phunziro limenelo ndale zathu zinatipatsa kale kwaulere.

Pa nthawi yopuma anzanga ena ankang'ung'udza kuti Akhristu tikutengeranji nthano za milungu ya eni. Ndinawayankha kuti matenda omwewa tili nawo ndi Baibulo lathu. Pa misonkhano ya achinyamata aliyense ndi Davide wa legeni pamaso pa Goliati. Sindinamvepo mlaliki akufunsa kuti ndani muno ndi Yowabu, mkulu wa asilikali amene analandira kalata yoti aike Uriya kutsogolo n'kumusiya yekha, ndipo anachita osafunsa. Natani ankadziwa kagwiritsidwe ntchito ka nthano. Anasimbira Davide za wolemera amene analanda kankhosa kamodzi ka mmphawi, anadikira mfumu ipse mtima, n'kuiuza kuti munthuyo ndi inu nomwe. Akanagawa timapepala, Davide akanalemba kuti iye ndi mmphawi uja. Ndiwonjezenso pempho la ulemu. Kwa anansi athu achihindu a ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe, Krishna ndi Mulungu amene amamupembedza m'mawa uliwonse. Kumuika pakhoma ngati mlangizi wa bizinesi, pakati pa mfundo za kasungidwe ka mkaka, n'chinthu chimene ife sitingakondwe nacho wina atachita ndi Ambuye Yesu. Eni nkhaniyi tili nawo konkuno, ndipo kuitana mmodzi wa iwo kuti adzaisimbe yekha sikungaboole bajeti.

Pali munthu wina amene pakhoma paja panalibe, ndipo ambiri owerenga mwachidule samudziwa. Ndi Vikarna, mmodzi mwa ana 100 aja, mng'ono wake wa Duryodhana bere limodzi. Akuluakulu atakhala duu, iye anaimirira n'kuwapempha mobwerezabwereza kuti ayankhe. Ataona kuti palibe, anapereka maganizo ake. Anati mafumu ali ndi zizolowezi zinayi zimene zimawasokoneza mutu, kusaka nyama, mowa, juga ndi akazi, ndipo zochita za munthu wogwidwa nazo sizilemekezedwa. Anati Draupadi ndi mkazi wa onse asanu, anabetchedwa ndi munthu amene anali atadziluza kale, ndiponso anamutchula ndi Shakuni, choncho sanapambanidwe. Anthu m'bwalomo anachita phokoso lomuvomereza. Karna anamukalipira kuti ndiwe mwana, ukudula nthambi ya kwanu komwe, ndipo phokoso lija linazilala. Vikarna anakhala pansi. Nkhondo itafika anamenyera mkulu wake, ndipo Bhima anamupha. Amene anawoloka ndi wina, Yuyutsu, mwana wa Dhritarashtra kwa mkazi wantchito, amene anachoka kwa abale ake mivi isanayambe kuuluka ndipo anatsala wamoyo. Ndakatuloyi sikulonjeza kuti woyankhula zimamuyendera. Nafenso tikukumbuka kuti maepiskopi achikatolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992 anaitanidwa kupolisi, ndipo Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko muno.

Kwa aphunzitsi a utsogoleri, pitirizani kugwiritsa ntchito nthanozi, koma simbani tsiku la juga lonse, osadula. Ndipo m'malo mofunsa kuti mukufanana ndi ndani, funsani kuti pa msonkhano womaliza pamene wina anafunsa za ndalama, munakhala mpando uti ndipo munati chiyani.

Ku gulu lathu ndapereka ganizo lakuti membala akafunsa funso lokhudza ndalama kapena malita a mkaka, alembi azilemba funsolo m'maminitsi monga lafunsidwira, kenaka yankho la wakomiti aliyense pa dzina lake, ndipo amene sanayankhe azilembedwa kuti sanayankhe. Alembi adandaula kuti kope lizitha msanga, ine ndati makope ndigula ndi ndalama yanga. Ganizoli lakankhidwira ku msonkhano waukulu wa mwezi wamawa, ndipo ndikaliwerenga pamaso pa mamembala onse.

Ine wanu,
Mlimi wa ng'ombe za mkaka,
Chiradzulu